Ku Joni funsani amene mukugwira naye ntchito, osati ajenti

Amwene, za SIM kadi, akaunti ya ku banki ndi kusamala pasipoti mukuzidziwa kale, sinditayapo nthawi. Nkhani yanga ndi ya nthawi ya lunch.

Ife Amalawi tili ndi matenda, tikafika pantchito timakhala pakona patokha, nsima m'kontena, maso pansi, kuopa kuti tikalankhula atifunsa mapepala. Ine ndinakhala choncho zaka ziwiri pa warehouse ina ku Germiston. Tsiku limene anandichotsa ntchito, popanda ndi hearing yomwe yoti amve mbali yanga, ndinathamangira kwa mkulu wina wakwathu yemwe amati amayendetsa nkhani za anthu. Anandilanda R1,500 eti ya fomu ndi transipoti, nde sabata iliyonse "zikuyenda achimwene, dekhani", mpaka foni yake inayamba kungolira osayankha. Munthu woti timapemphera naye tchalitchi chimodzi! Pano ndikamuona pa Facebook atavala suti mtima umandiwawabe.

Patatha miyezi iwiri ndinakumana pa taxi rank ndi mayi wina wachizulu amene tinkapakira naye makatoni, atamva anagwira kumutu. Akuti CCMA, bungwe loweruza madandaulo a pakati pa antchito ndi mabwana, salipiritsa ngakhale senti, fomu yake ndi 7.11, umadzaza wekha, koma dandaulo la kuchotsedwa ntchito liyenera kufika pasanathe masiku 30, ukachedwa uyambe wapempha kaye kuti akukhululukire kuchedwako ndipo akhoza kukana. Mayiyu ndinkakhala naye benchi imodzi zaka ziwiri osamufunsa kanthu. Safunsa anadya phula, ine ndinadya lambiri.

Nde tamverani. Payslip yanu ionetseni kwa mnzanu wokhalitsa pamalopo, kaya ndi Mzimbabwe kaya Mxhosa, akuonetseni pomwe pali UIF, inshulansi ya boma yothandiza munthu ntchito ikatha. Amadula 1% pa malipiro anu, bwana naye amaonjezera 1%, koma mabwana ena amangodula osatumiza. Musasainire pepala lomwe simunalimve, makamaka akamati sainani pompano. Shop steward, woimira antchito wa union pamalopo, musamuthawe ngati wapolisi. Ndipo aliyense wofuna ndalama kuti akuuzeni ufulu wanu, thawani, ngakhale atakhala wa m'mudzi mwanu.

Inunso amene mwakhalitsa, mwandikwana. Mnyamata wafika dzulo kuchokera ku Mangochi, mukumuona akulimbana ndi scanner thukuta lili kamukamu, inu kumangoseka eti angakulandeni ntchito. Mphindi zisanu zokha, muuzeni pokanikiza.