Momwe mungakonzere timu ya floorball ya atsikana mpaka ikafike pa mpikisano wa mayiko

Floorball ndi hoke yoseweredwa m'holo, ndi ndodo zopepuka ndi kampira kapulasitiki kamabowo 26 kolemera magalamu 23. Mbali iliyonse kumakhala osewera asanu ndi wotchinga pagolo mmodzi. Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, International Floorball Federation (IFF), linakhazikitsidwa mu 1986 ndi mayiko atatu: Sweden, Finland ndi Switzerland. Mpikisano wa dziko lonse wa amayi unayamba mu 1997 ku Åland, m'dziko la Finland, ndipo umachitika zaka ziwiri zilizonse. Sweden inatenga chikho kasanu ndi kanayi motsatizana kuyambira 2007 mpaka 2023. Matimu ofika kundime yomaliza amakhala 16 okha.

Ku Harare kuno masewera a ndodo si achilendo. Timu ya hoke ya amayi ya Zimbabwe ndi imene inabweretsa mendulo yagolide kuchokera ku Olimpiki ya ku Moscow mu 1980. Atsikana othamanga ndi odziwa kupezerana mpata aliponso ambiri m'matimu a ntchemberembaye ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Mabvuku. Chosowa ndi ndondomeko, ndipo ndondomekoyo imayambira pa mapepala.

Yambani ndi zitupa

Mu timu ya dziko amasewera nzika za dzikolo, ndipo umboni wake ndi pasipoti. Kwa ana ambiri a m'mabanja athu nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa makolo kapena agogo anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo zitupa za ena zinalembedwa kale kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 amati munthu wobadwira ku Zimbabwe, yemwe kholo lake ndi nzika ya dziko la mu SADC, ndi nzika mwa kubadwa ngati ankakhala m'dziko muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito. Komabe chitupa sichisintha chokha. Mtsikana aliyense wolowa timu abweretse kalata yakubadwa ndi chitupa sabata yoyamba, ndipo amene zake sizili bwino ayambe msanga kuyendera maofesi olembetsa. Wosakwana zaka 18 afunikanso chilolezo cholemba cha makolo kuti atuluke m'dziko. Timu imatha kuphunzitsa mtsikana chaka chathunthu, n'kumusiya pabwalo la ndege chifukwa cha pepala limodzi.

Kalabu payokha siingalembetse ku mpikisano wa dziko lonse. Iyenera kukhala pansi pa bungwe la floorball la dziko, bungwelo likhale lolembetsedwa ku bungwe la masewera la boma, Sports and Recreation Commission, ndiponso likhale membala wa IFF. Ulendo wa kunja umafunanso chilolezo cha bungwe la masewera la boma lomwelo, choncho makalata apite nthawi ilipo.

Bwalo ndi mpanda wake

Bwalo lenileni ndi mamita 40 mulitali ndi 20 mulifupi, ofanana ndendende ndi bwalo la handball. Limazunguliridwa ndi mpanda wa masentimita 50 kutalika, wokhota m'makona. Golo ndi masentimita 160 mulifupi ndi 115 kutalika, ndipo siikhala kumapeto kwenikweni: kumbuyo kwake kuli malo osewerera. Wowotcherera zitsulo aliyense wa ku Mbare angakupangireni magolo awiri ndi mapaipi mukampatsa miyesoyo.

Mpanda ndi umene matimu atsopano amaunyalanyaza, ndipo ndi umene umawagwetsa. Mu floorball mpira sutuluka kawirikawiri. Umagunda mpanda n'kubwerera, ndipo wosewera wodziwa amapatsira mnzake kudzera pa mpandapo, kapena kuzungulitsa mpira kuseri kwa golo. Atsikana ophunzirira pabwalo la mizere yokha amazolowera kuima mpira ukadutsa mzere. Akafika pabwalo la mpanda amaimabe, anzawo akugoletsa.

Mpanda wogula kunja ndi wodula, koma pophunzirira matabwa a plywood amakwana. Thabwa limodzi la mamita 2.44 ndi 1.22 limatulutsa zidutswa ziwiri za masentimita 50, ndiye kuti mpanda wa mamita pafupifupi 5. Bwalo lonse lifuna matabwa pafupifupi 25. Bwalo la ntchemberembaye, lomwe ndi mamita 30.5 ndi 15.25, lifuna 19. Khomerani zochirikiza kunja kwa mpanda, m'kati musasiye msomali wotuluka. Ndalama zikachepa, gonekani mabenchi a sukulu kapena a kutchalitchi cham'mbali, makamaka kumbuyo kwa magolo ndi m'makona.

Simenti yokhakhala imadya mutu wa ndodo ndipo imachedwetsa mpira. Mipikisano ya mayiko imaseweredwa pansi posalala pamene mpira umathamanga kwambiri. Pezani holo ngakhale kamodzi pa sabata, ndipo muisungitse masana chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Kumbukiraninso kuti mipikisano yachipulula imachitika kumayambiriro kwa chaka, mu Januwale kapena Febuluwale, pamene kuno mvula ili pachimake. Timu yodalira bwalo lapanja imataya masabata enieni okonzekera.

Ndodo

Ndodo ikaimikidwa pansi ifike pamwamba pang'ono pa mchombo wa mwini wake. Malamulo salola yopitirira masentimita 114 kapena magalamu 380. Pa ndodo pamalembedwa nambala yosonyeza kupindika kwake: nambala yaing'ono ndi ndodo youma, yaikulu ndi yofewa. Oyamba kumene agule za pakati pa 29 ndi 32, chifukwa ndodo youma imafuna mphamvu ndi luso kuti ipinde n'kuponya mpira. Pali zamanzere ndi zamanja. Musangoganiza: mpatseni mtsikana tsache asese, dzanja limene latsikira m'munsi likuuzani mbali yake.

Wotchinga pagolo sagwira ndodo. Amasewera chogwada, choncho afunika chigoba chotchinga nkhope, zoteteza mawondo, buluku lalitali lochindikala ndi choteteza pachifuwa. Musaike mtsikana pagolo wopanda chigoba, ngakhale pamasewera ocheza.

Malamulo amene amabweretsa chilango

Ochokera ku hoke amakweza ndodo kwambiri. Mu floorball mutu wa ndodo sukwera kupitirira m'chiuno pamene pali osewera ena pafupi, ndipo mpira wokwera kupitirira bondo suumenya ndi ndodo. Komano mbali zonse ziwiri za mutu wa ndodo n'zololedwa, zomwe ahoke amachedwa kuzikhulupirira. Ochokera ku ntchemberembaye vuto lawo ndi manja ndi kudumpha: mpira ukauluka dzanja limapita lokha. Kugwira mpira ndi dzanja ndi mphindi 2 pabenchi, ndipo kudumpha kuti uimitse mpira n'kulakwa.

Zina zoti aziloweze pamtima ndi izi. Kumenya kapena kunyamula ndodo ya mdani n'koletsedwa, chimodzimodzi kulowetsa ndodo pakati pa miyendo yake. Bondo limodzi pansi palibe mlandu, koma kusewera mpira utagona kapena mawondo onse ali pansi ndi chilango. Pa mpira waulere adani aime mamita 3, ndodo zawo zomwe. Wotchinga pagolo asasunge mpira kupitirira masekondi 3, ndipo akauponya ugunde pansi, mpanda kapena wosewera usanadutse mzere wapakati. Kubwezera dala mpira kwa wotchinga pagolo wanu kuti augwire sikuloledwa.

Chilango cha mphindi 2 chimasiya anayi kulimbana ndi asanu, ndipo matimu odziwa amagoletsa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake pophunzirira pazikhala woyimbira wokhala ndi wenzulo, woyimba chilichonse. Tumizani anthu awiri akaphunzire kuyimbira, poti masewerawa amayimbidwa ndi oyimbira awiri a mphamvu zofanana.

Mizere ndi kusinthana

Masewera ali ndi zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wotchi imaima likhweru likalira. Timu imaloledwa osewera 20. Kusinthana kulibe malire ndipo kumachitika mpira ukuyenda, pamalo osinthira a kutsogolo kwa benchi lanu. Matimu akuluakulu amagawa osewera m'mizere itatu ya anthu asanu, mzere uliwonse n'kusewera pafupifupi mphindi imodzi mothamanga ndi mphamvu zonse, kenako n'kupuma.

Apa mphunzitsi wozolowera mpira wamiyendo amalakwitsa: amasunga asanu odziwa kwambiri m'bwalo mpaka atatheratu. Chigawo choyamba zimaoneka bwino, chachitatu zigoli zimangogwa. Phunzitsani ndi wotchi: masekondi 45 mpaka 60 othamanga, mphindi ziwiri zopuma, kubwereza kakhumi kapena kupitirira. Wolowa asadumphe mpanda wotuluka asanafike pamalo osinthira, apo ayi timu ilangidwa chifukwa chochuluka m'bwalo. Poyambira imani motere: awiri kumbuyo, mmodzi pakati, awiri kutsogolo. Mzere uliwonse uziphunzirira limodzi kuti anthu ake adziwane mayendedwe.

Pa maola awiri a maphunziro, theka la ola lipite ku kupatsirana ndi kulandira mpira wapansi, mutu uli m'mwamba. Kuwombera kubwere pambuyo. Mpira wopepuka chonchi umathawa pa ndodo yogwiridwa mouma, ndiye wolandira abweze ndodo pang'ono m'mbuyo mpira ukamafika.

Njira yopitira kunja

Musalumphire ku mpikisano waukulu. Yambitsani ligi ya matimu anayi kapena asanu m'sukulu ndi m'madera, kuti timu ya dziko ikhale ndi kosankha. Kenako funani masewera apaubale ndi mayiko a mu Africa kumene floorball ikuseweredwa, monga Kenya ndi Uganda. Palinso mpikisano wa atsikana osakwana zaka 19, wochitika m'zaka zapakati, komanso wa osewera atatu mbali iliyonse umene IFF inauyamba mu 2024 ku Lahti, m'dziko la Finland. Wa atatuwu ndi woyenera timu yatsopano: anthu oyenda ndi ochepa, matikiti ndi maviza ndi ochepa, bwalo lophunzirira ndi laling'ono.

Sabata yonyamuka yang'anani ndodo imodzi imodzi. Ikhale ndi chizindikiro cha chivomerezo cha IFF, ndipo mutu ndi thupi lake zikhale za kampani imodzi. Kupindika kwa mutu kusapitirire mamilimita 30. Mitu yosiyidwa padzuwa kapena m'buti ya galimoto imapindika yokha, ndipo mdani ali ndi ufulu wopempha woyimbira kuti ayeze. Tengani mitu yapadera ndi tizomangira take. Ndodo zimapita m'chikwama chachitali pamodzi ndi katundu wapansi pa ndege. Wosewera aliyense alembe mankhwala onse amene amamwa, a mphumu ndi a chimfine omwe, dokotala wa timu awayerekeze ndi mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, timu isanakwere ndege.