Musanalembe code ya mayeso, funsani kaye

Anzanga amene mukufunsira ntchito ya senior developer (katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta) kumakampani akunja muli kuno ku Mzuzu, akakutumizirani ntchito ya mayeso yoti muchitire kunyumba, musathamangire kutsegula laputopu. Yankhani kaye ndi imelo yaifupi: intavyu ili ndi magawo angati, ndikumana ndi ndani, malipiro akuyambira pati?

Ine zinandionekera. Loweruka ndi Lamulungu lonse ndinali ku Luwinga, nditafunda bulangete ndi chisanu cha Julayi, ndikulimbana ndi mayeso a kampani ina okhudza API (njira imene mapulogalamu amalumikizirana) mpaka bandulo kutha. Ndalama anadzatchula pa gawo lachinayi, zochepa kuposa zimene ndimalandira kale.

Kampani yofunadi munthu wodziwa ntchito siikhumudwa ndi mafunso amenewa, imayankha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ikamazemba, mwadziwiratu musanawononge masiku awiri.

Za intavyu ya pa Zoom, funsaninso kuti nthawiyo ndi ya kuti. Mwachitsanzo, poyerekeza ndi kuno, London imatsalira m'mbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo maola awiri. Foni ya hotspot muitchajiretu, magetsi satsanzika.