Kutikita thupi kwa amayi amene akusiya kusamba

Amayi anzanga kuno ku Johannesburg, ambiri timasiya kusamba tili ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Mahomoni achikazi otchedwa estrogen akamachepa, thupi limatentha mwadzidzidzi, thukuta limatuluka usiku, tulo timasowa, mapewa ndi mawondo zimaphwanya. Ndiye wina wakhala chiimirire tsiku lonse akusita zovala za abwana, kenako pamzere wa taxi ku Bree!

Kutikita minofu sikubwezeretsa mahomoni ayi, koma kumamasula thupi ndipo tulo timabwerako. Simukufunika spa ya ku Sandton. Mafuta a coconut kapena aqueous cream ya ku Clicks ndi zokwanira, makamaka mu June ndi July pamene khungu limauma ndi chisanu. Madzulo mukasamba madzi ofunda (osati otentha kwambiri, amautsa kutentha kuja), pemphani bambo a kunyumba kapena mnzanu wogona naye nyumba imodzi akutikiteni khosi, mapewa ndi msana pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kapena 15. Ngati muli nokha, ikani mpira wa tenesi pakati pa msana ndi khoma, muziyendetsa thupi. Kuphazi gubuduzani botolo la madzi ozizira.

Wokutikitaniyo asakanikize mwamphamvu, poti mafupa pa msinkhu uwu amayamba kufooka. Katumba akatupa mwendo umodzi, kutentha ndi kupweteka, musatikite, mwina magazi aundana mumtsempha, thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzinso mukaona magazi patapita miyezi 12 musakusamba, kapena kutentha kukakulepheretsani ntchito: kukiliniki kuli mankhwala a mahomoni, kafunseni anamwino.