Kusamutsa katalogi ya nyimbo kuchoka ku AACR2 kupita ku RDA osagwetsa nkhokwe

Anzanga osamala malaibulale, makamaka inu amene muli ndi shelefu ya makaseti, zimbale ndi mabuku a nyimbo, funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti: kodi tikayamba RDA, malamulo atsopano olembera katalogi, zonse zimene tinalemba kale tizifufute? Ayi, musafufute. Mlimi akalandira mbewu yatsopano sagwetsa nkhokwe ya chaka chatha. Marekodi akale ndi atsopano, ndiko kuti zimene timalemba pofotokoza chinthu chilichonse, amakhala mwamtendere mu katalogi imodzi, ndipo ndi mmene zilili ngakhale m'malaibulale akuluakulu.

AACR2, malamulo akale olembera katalogi, inatuluka mu 1978, nthawi imene katalogi inali timakhadi ta m'kabati, ndipo malo papepala anali ochepa. N'chifukwa chake inkakonda kufupikitsa mawu. RDA inatuluka mu 2010, ndipo Library of Congress ya ku Washington inayamba kuigwiritsa ntchito pa marekodi ake onse atsopano pa 31 March 2013. Bungwe la Music Library Association la ku America linatulutsa malangizo ake a mmene RDA igwirire pa nyimbo mu 2014, chifukwa anthu a nyimbo anaona msanga kuti malamulo a aliyense sakwanira pa chimbale. Mu December 2020 RDA Toolkit, tsamba la pa intaneti pamene pali malamulo a RDA, inakonzedwanso kwambiri, ndiye musanayambe gwirizanani kuti mukutsatira RDA yoyamba ija kapena yokonzedwayi, ndipo mulembe pansi.

Tiyambe ndi zimene maso amaona msanga. Pa rekodi yakale ya kaseti, pamzere wa 245 (mzere uliwonse wa rekodi uli ndi nambala yake, ndipo 245 ndi wa mutu) pamakhala mawu akuti sound recording atangotha mutu. Mu RDA mawu amenewa achoka. M'malo mwake muli mizere itatu: 336 imanena chimene chili m'katimo, 337 imanena chida chofunika kuti muchimve, 338 imanena chotengeracho. Kaseti ya kwaya mudzalemba performed music, audio, audiocassette. Buku la manotsi mudzalemba notated music, unmediated, volume. Koma chenjerani apa: owerenga ambiri ankadziwa kuti ichi ndi kaseti chifukwa cha mawu aja a pa 245. Mukawachotsa musanakonze mmene Koha, kapena pulogalamu iliyonse imene muli nayo, imaonetsera zinthu pasikirini, munthu adzatsika pa minibasi kudzabwereka buku n'kupeza kaseti, wailesi yoimbira alibe. Konzani kaye chionetsero, kenako chotsani.

Zofupikitsa zambiri zachoka. Pamene munkalemba p. lembani pages, pamene panali arr. lembani arranged, S.l. ndi s.n. zija zasanduka ziganizo zonena poyera kuti malo kapena wofalitsa sakudziwika. Mzere wa 260, wa wofalitsa, walowedwa m'malo ndi 264, ndipo chaka cha umwini wa zojambulazo, chokhala ndi kachizindikiro ka ℗, chili ndi 264 yakeyake yokhala ndi 4 pa chizindikiro chachiwiri mwa ziwiri zija za kumayambiriro kwa mzere. Pa 040, mzere wonena amene analemba rekodiyo ndi malamulo amene anatsatira, musaiwale kuika rda. Izi zonse sizofuna mutu. MarcEdit, pulogalamu yaulere ya Terry Reese, imatha kusintha zambiri mwa izi pa marekodi mazanamazana nthawi imodzi. Ingosungani kope la katalogi yonse musanadine batani.

Pofunika mutu ndi pena. RDA imafuna kuti tisiyanitse nyimbo monga anaipekera mwini wake, kaimbidwe kake pa tsiku lakutilakuti, chimbale chimene anachitulutsa pamsika, ndi kope limene lili m'manja mwanulo. Maganizo amenewa anachokera ku lipoti la 1998 lotchedwa FRBR la IFLA, bungwe la malaibulale la padziko lonse. Kwa munthu wa mabuku wamba zimamveka ngati zongovutitsana, koma ife a nyimbo timakumana nazo tsiku lililonse. Taonani Messiah ya George Frideric Handel, imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ndipo makwaya athu amaimbako Hallelujah. Pa shelefu yanu mungakhale buku la mawu anayi ndi piyano, timapepala ta solofa ta Hallelujah yokha, ndi CD ya gulu lina la kunja. Zinthu zitatu, maonekedwe atatu, koma nyimbo ndi imodzi. Zonse zimangirireni pa dzina limodzi lovomerezeka: Handel, George Frideric, 1685-1759. Messiah. Buku la piyano lija muwonjezere Vocal score, timapepala tija muwonjezere Hallelujah. Mphunzitsi wa kwaya akafufuza kamodzi, azipeza zonse pamodzi. Ndipo lembani mtundu wa manotsi, staff notation kapena tonic sol-fa, pakuti RDA ili ndi malo ake. Kwathu kuno ichi si chokongoletsa: kwaya yozolowera doh re mi mukaipatsa buku la mizere isanu, mwaipatsa nsima yopanda ndiwo.

Chimene ndimakonda kwambiri mu RDA ndi kutha kwa lamulo la anthu atatu. Kale mayina akaposa atatu munkalemba loyamba, ena onse n'kuwakwirira pansi pa et al., kutanthauza ndi ena. Tsopano mukhoza kulemba onse, ndipo pa dzina lililonse la pa 100 kapena 700, mizere ya mayina a anthu, mumanena ntchito yake: composer, lyricist, singer, instrumentalist, arranger of music. Tengani kaseti ya bandi ya m'ma 1990, mutulutse kapepala kopinda kam'kati. Mupeza woimba gitala, wa besi, wa ng'oma, amayi awiri othandizira mawu, amene anajambula ku situdiyo. Kapepala kameneko kakatayika, ndipo kamatayikadi, mayina awo atsala mu katalogi yanu yokha. Ndikudziwa kuti nthawi ndi yochepa ndipo m'malaibulale ambiri wolemba katalogi ndi mmodzi, yemweyonso wokhala pa desiki yobwereketsa. Ndiye sankhani. Pa chimbale cha Mozart chimene malaibulale chikwi analemba kale, koperani rekodi, yang'anani, pitirirani. Pa kaseti ya kwaya ya ku Ntcheu kapena oimba a ku Chipata, khalani pansi ndi tiyi, lembani aliyense pa 511, mzere wa oimba, chifukwa kunja kulibe amene adzakulembereni.

Lamulo lina la RDA ndi lakuti lembani zimene mukuona. Pachikuto akalemba Cinyanja mwa kalembedwe ka ku Zambia kapena kakale, kapena akalakwitsa chilembo, musakonze pa 245 ndipo musaike sic, mawu aja osonyeza kuti cholakwikacho si chanu. Koperani momwemo, kenako pa 246 ikani kalembedwe kamene owerenga adzataipe. Chimodzimodzi ŵ: mutu wokhala ndi kachipewa upatseni mnzake wopanda kachipewa. Chilankhulo chikhale pa 041, nya ya Chichewa, tum ya Chitumbuka, yao ya Chiyao, chifukwa chimbale chimodzi chimasakaniza.

Nanga nyimbo za makolo zimene wopeka sadziwika? Musamukakamize woimba kukhala wopeka. Mayi amene anatsogolera chimtali pa tepi ndi woimba; nyimboyo ilembedwe pa mutu wake. Amene anajambula alowe ndi ntchito yake, ndipo malo ndi chaka chojambulira zipite pa 518. Zojambula za Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, laibulale imene lero ili ku Rhodes University ku South Africa, zimathandiza anthu mpaka pano chifukwa ankalemba malo, woimba ndi chida. Zida zoimbira zili ndi mzere wa 382, ndipo mawu ake amatengedwa pa mndandanda wa LCMPT wa Library of Congress. Yang'anani m'menemo kaye. Mukapanda kupeza bangwe, kaligo kapena mkangala, musazitche gitala pofuna kudzaza bokosi. Sankhani mawu a mtundu wa chidacho, ndipo dzina lenileni mulilembe mu noti ya 500 kuti wofufuza alipeze.

Nambala ya kampani yotulutsa chimbale ipite pa 028. Nambala ya pa kasitika ka COSOMA, bungwe la ku Malawi loteteza umwini wa ntchito za luso, si imeneyo, musasokoneze.

Kayendetsedwe kake kakhale kotere. Sankhani tsiku, ndipo kuyambira tsikulo chilichonse chatsopano chilembedwe mu RDA. Lembani tsamba limodzi kapena awiri la zimene mwagwirizana: mayina mulemba angati, mitu ya nyimbo za pachimbale mulemba yonse pa 505 kapena ayi, chaka chosadziwika muchiyerekeza bwanji. Yesani ndi zinthu makumi awiri zosiyanasiyana, kaseti, CD, buku la solofa, fayilo ya pakompyuta, ndipo mnzanu afufuze ngati wowerenga wamba osamuuza kanthu. Marekodi akale akhudzeni pokhapokha chinthucho chabwera m'manja mwanu, kapena pamene dzina lovomerezeka lasintha moti zinthu za munthu mmodzi zagawanika pawiri, monga pamene violoncello anasanduka cello ndipo masonata a wopeka mmodzi anayamba kuoneka m'malo awiri. Amenewo ndiwo oyamba kukonza. Kenako mutsike ku bokosi la makaseti a kwathu, muyambe ndi amene kapepala kawo kayamba kudyedwa ndi chiswe.