Mimba ya mwana ikakula mbali imodzi koma osapweteka

Amayi anzanga a kuno ku Salima, ine ndimagwira ntchito kusikelo ya ana, ndipo mwana amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi uja wotupa mimba mbali imodzi koma akusewera bwinobwino. Pali khansa ya impso yotchedwa Wilms, yomwe imagwira makamaka ana osapitirira zaka 5. Imakula mwakachetechete, ndipo kawirikawiri woyamba kuizindikira amakhala mayi posambitsa mwana.

Mukamaliza kumusambitsa, mugonekeni chagada, amasuke. Pomudzoza mafuta yendetsani chikhatho pang'onopang'ono pansi pa nthiti, kumanja ndi kumanzere komwe. Mukamva chinthu cholimba, chosalala, chosachoka ngakhale mwana atapita kuchimbudzi, lekerani pomwepo. Osachifinya, osachisisita mwamphamvu, chifukwa chikhoza kuphulikira mkati. Mphini nazonso ayi, chonde.

Ife a kunyanja, kaya ku Senga Bay kaya ku Chipoka, tinazolowera kuti mkodzo wa magazi ndi likodzo, mimba yotupa ndi kapamba wa malungo kapena njoka za m'mimba. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, n'chifukwa chake khansa ya impsoyi imabisala. Koma kapamba amakhala kumanzere kokha, ndiye chotupa cha kumanja musachitche kapamba. Cha kumanzerenso asiyireni achipatala anene. Mwana akamwa mankhwala a likodzo magazi osasiya, akamatentha thupi malungo osapezeka, akamakana nsima, manja ndi miyendo zikuwonda mimba ikukulirakulira, musadikire tsiku la sikelo.

Tengani buku lake la kuchipatala, mukanene mosazungulira kuti, "Adokotala, ndamva chotupa apa," muloze ndi chala. Pemphani amuyezenso BP, pakuti chotupa cha impso chimatha kuikweza ngakhale kwa kamwana. Kuchipatala cha boma amaunika m'mimba ndi makina a sikani, ndipo akakayikira amakupatsani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kumeneko amayamba ndi mankhwala a khansa kwa milungu ingapo kuti chotupa chichepe, kenako opareshoni yochotsa impso yodwalayo. Musaope, mwana amakula ndi impso imodzi. Chimene chimandiwawa mtima ndi makolo kuleka mankhwala poona mimba yaphwa, pomwe khansayo ikadali m'thupi. Musananyamuke, khalani pansi ndi abambo ake ndi amalume, mugwirizane za ndalama yoyendera, wotsala ndi ana ena, ndi wolima kumunda, chifukwa maulendo a ku Lilongwe adzatenga miyezi.