Mmene mungawerengere malasha amene apsa kuti mbaula yanu yamagetsi itenthe

Ndikamaphunzitsa za magetsi, ndimabwera ndi chibuluma cha malasha cholemera theka la kilogalamu n'kuchiika patebulo. Ndimawauza ophunzira kuti chakuda biichi, chikapsa pamalo opangira magetsi, ndi yuniti imodzi ya magetsi. Akachigwira, zala n'kuda, masamu ake savutanso. Inunso tengani cholembera.

Yambani ndi chipangizo chimodzi. Chitembenuzeni, mupeze pomwe alembapo mawati, pali chilembo W. Chulukitsani nambalayo ndi maola amene chimayaka, kenako gawani ndi 1,000. Mwapeza mayuniti, omwe aja mita imawerenga. Mbaula ya mawati 1,500 ikamayaka maola awiri patsiku imadya mayuniti 3, pamwezi 90.

Mayunitiwo agaweni pawiri. Yankho lake ndi makilogalamu a malasha: mbaula ija yapsereza pafupifupi 45 pamwezi. Makina atsopano opangira magetsi amadya ocheperapo, malasha achinyezi otchedwa lignite amapsa ochuluka kuposa apa, koma theka la kilogalamu ndi poyambira pabwino.

Mwina mukudabwa kuti achulukiranji chonchi. Pamalo opangira magetsi malasha amawagaya mpaka asanduke fumbi, n'kuwauzira ndi mphepo mu boila momwe amayaka lawilawi. Madzi a m'mapaipi amasanduka nthunzi yotentha kupitirira madigiri 500, nthunziyo n'kuzunguza chigudumu chamapiko chotchedwa turbine, turbine n'kuzunguza jenereta, nthawi zambiri ka 3,000 pa mphindi. Koma pa kutentha konseko, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndi lomwe limasanduka magetsi. Makina abwino kwambiri amafika cha m'ma 45 pa 100. Kotsalako kumapita ndi madzi oziziritsira komanso chumuni. Izi zimandiwawa nthawi zonse ndikamaziphunzitsa, poganizira munthu amene anakumba malashawo.

Pano ndikonzeko cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri. Zinsanja zikuluzikulu zoziziritsira madzi, zofuka mtambo woyera zija anthu amakonda kuzijambula, umene uja si utsi, ndi nthunzi ya madzi. Utsi umatulukira pachumuni chachitali chowonda, ndipo mbali yake yaikulu sioneka ndi maso.

Kuti mudziwe mpweya wa carbon dioxide, werengani pafupifupi kilogalamu imodzi pa yuniti iliyonse. Mbaula ija yatulutsa makilogalamu 90 pamwezi. Sipalephera wophunzira woimika dzanja: "Aphunzitsi, mpweya ungalemere bwanji kuposa malasha amene apsa?" Funsoli ndimalikonda. Malasha akamayaka amakoka oxygen wa mumlengalenga. Makilogalamu 12 a carbon wa m'malashamo amagwirana ndi 32 a oxygen, n'kukhala 44.

Chomaliza, ndipo musachidumphe: fufuzani kuti magetsi a dziko lanu amachokera kuti, chifukwa masamuwa akukhudza gawo la malasha lokha. Lipoti la pachaka la kampani yamagetsi limanena. Ku South Africa ndi pafupifupi 80 pa 100, ndiye yankho lanu mulichulukitse ndi 0.8. Padziko lonse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ku Britain, komwe malasha anayamba kupanga magetsi mu London m'chaka cha 1882, siteshoni yomaliza ya Ratcliffe-on-Soar anaitseka pa 30 September 2024.

Maiko ambiri akukakamirabe malasha chifukwa amasungika pamulu ndipo amayaka usana ndi usiku, kaya kuli chilala kaya mphepo yaleka, zomwe zimasokoneza magetsi a madzi ndi a mphepo. Kuipa kwake, boila yozizira imatenga maola ambiri kuti idzuke, motero saizimitsa wambawamba.

Mukatha mbaula, yesani babu. Lakale la mawati 60 likamayaka maola asanu patsiku limadya mayuniti 9 pamwezi, malasha makilogalamu anayi ndi theka. La LED la mawati 9, lowala mofanana, silifika ndi kilogalamu imodzi yomwe.