Musanagule monita yotakata, onani izi kaye

Ngati mukufuna monita yotakata ija ya 21:9 (kutanthauza kuti kutakata kwake ndi magawo 21 pomwe msinkhu wake ndi magawo 9), yoti muzisewererapo magemu komanso kugwirirapo ntchito, musatengeke ndi kukula kwake m'sitolo. Werengani manambala ali pa katoni.

Ya mainchesi 34 ikhale ya 3440x1440, kutanthauza timadontho topanga chithunzi 3440 chopingasa ndi 1440 chotsika. Ilipo ina ya 34 yomweyo koma ya 2560x1080, yotchipa ndithu. Ine ndinaigwiritsapo ntchito: zilembo za mu Word ndi Excel zimaoneka ngati zasungunuka m'mbali, pofika madzulo maso ali kuwawa. 2560x1080 imakhala bwino pa mainchesi 29 basi.

Ganizirani mphamvu ya kompyuta yanunso. 3440x1440 ndi timadontho pafupifupi 5 miliyoni, pomwe monita wamba ya 1080p (1920x1080) ndi 2 miliyoni chabe, ndiye graphics card (chipangizo cha mu kompyuta chopanga zithunzi) ikakhala yofooka gemu imayamba kudukizadukiza pomwe pa monita yakale inkayenda bwinobwino. Amene mumasewera pa PlayStation 5 (PS5), sungani ndalama zanu. Siitulutsa chithunzi cha 21:9, mudzangoona mbali zakuda uku ndi uku.

Mukafika nayo kunyumba, lumikizani ndi chingwe cha DisplayPort, osati HDMI yakale ija munachotsa pa TV. Kenako mu Windows lowani pa Settings, System, Display, Advanced display, musankhe nokha 144Hz kapena 165Hz (nambala yosonyeza kuti chithunzi chimasintha kangati pa sekondi) malinga ndi monita yanu. Nthawi zambiri imabwera ili pa 60Hz, munthu n'kumadabwa kuti zomwe analipira zija sizikuoneka.

Yezaninso tebulo musanapite kogula. M'lifupi imatenga pafupifupi masentimita 80, phazi lakenso limadya malo a kiyibodi.